Mmene Mungafufuzire Tanthauzo ndi Gwero la Mawu a Chingerezi Akuti "Madcap"

Mawu akuti *madcap* amapezeka kawirikawiri m'nyuzipepala za ku Britain ndi ku America, makamaka pa nkhani za mafilimu, zisudzo, maulendo ndi mapulani a andale. Amanena za munthu kapena zochita zaphuma, zosaganizira za mawa, koma zimene woonerera amaseka nazo m'malo mokwiya. Amene wangokumana nawo amaona *mad* ndi *cap*, ndipo amafulumira kunena kuti ndi chipewa cha wamisala. Pa intaneti palinso nkhani zingapo zokoma m'khutu zofotokoza kumene mawuwa anachokera, ndipo zambiri mwa izo zimagwa mukangoziyika pafupi ndi zaka. Malangizo ano akusonyeza mmene mungafufuzire nokha, ndipo njira yake imagwiranso pa mawu ena a Chingerezi.

Mufunika foni kapena kompyuta yokhala ndi intaneti, kope lolembamo zaka, ndi nthawi yokwana ola limodzi. Madikishonale atatu akukwanira. Merriam-Webster ndi Online Etymology Dictionary ndi aulere. Oxford English Dictionary, imene anthu amangoti OED, ndiyo yozama kuposa onse chifukwa imasanja ziganizo zakale motsatira zaka, koma kuti muwerenge zonse pamafunika kulipira kapena kudzera ku laibulale imene inalipira kale. Dikishonale ya m'thumba ya kusukulu siyithandiza pa ntchito iyi: imapereka tanthauzo la lero basi.

Choyamba: koperani chiganizo chonse, osati mawu okhawo

Lembani chiganizo chimene mwapezamo mawuwo, ndiponso chaka ndi dziko la wolembayo. Kenako onani ntchito imene mawuwo akugwira. *Madcap* amagwira ntchito ziwiri. Akhoza kukhala dzina la munthu, monga *she was a madcap*, kapena kukhala mfotokozi woima patsogolo pa dzina, monga *a madcap scheme*, *a madcap adventure*, *a madcap comedy*. M'Chingerezi cha lero ntchito yachiwiriyi ndiyo yofala; yoyambayo imamveka yachikale. Potchula, mphamvu imagwera pa phatikizo loyamba: MAD-kap.

Chachiwiri: dulani mawuwo pawiri, mufufuze chigawo chilichonse pachokha

Pano m'pamene pali ntchito yeniyeni, ndipo m'pamene ambiri amathamangira.

Yambani ndi *mad*. Dikishonale ikuuzani kuti anachokera ku Chingerezi chakale, chimene chimalembedwa mwachidule kuti OE, cholankhulidwa kufikira cha m'ma 1100. Kumeneko kunali mawu akuti *gemæded*, kutanthauza munthu amene wasokonezedwa mutu. Musaime pamenepo. Tsikani pamndandanda wa matanthauzo onse, chifukwa mawu amodzi amasenza matanthauzo angapo pa nthawi imodzi. Pofika m'zaka za m'ma 1500, *mad* ankanena za wamisala weniweni, za munthu wokwiya, za munthu wopusa, komanso za munthu wanthabwala wosaugwira mtima pa chisangalalo. Tanthauzo lotsirizali ndilo lofunika kwa ife. M'sewero la William Shakespeare la *Henry IV, Part 1*, nkhalamba yokonda mowa Falstaff imaitana mwana wa mfumu kuti "mad wag", ndipo sikuti ikumunena misala ayi, ikumusereula ngati mnzake wocheza naye. Amene amadziwa *mad* ngati misala yokha, kapena ngati mkwiyo monga amanenera kwambiri ku America, wataya kale njira.

Tsopano *cap*. M'Chingerezi chakale anali *cæppe*, kuchokera ku Chilatini cha m'mbuyo *cappa*, chovala chofunda chokhala ndi chophimba kumutu. Mawu omwewa ndi amene anabala *cape*, komanso *chapel*: kanyumba kopempherera kanatenga dzina ku chofunda cha Martin Woyera wa ku Tours, chimene mafumu a Afulanki, anthu akale a dera la France, ankasunga ngati chopatulika. Ena amalumikiza *cappa* ndi *caput*, mawu a Chilatini otanthauza mutu, koma taonani bwino kuti madikishonale osamala amaikapo *perhaps* kapena *possibly* pamenepo. Mukamakopera, koperani ndi kukayikako komwe. Anthu ambiri amasiya kamawu kamodzi kameneko, ndiye chimene dikishonale inangoganizira chimasanduka chotsimikizika.

Ndipo simufunikanso Chilatinicho kuti mufike pa mutu. Angerezi eniake ankatchula chipewa potanthauza mutu umene wachivala, monga mmene ife timanenera kuti mlendo wadya mbale ziwiri pomwe wadya nsima ya m'mbalemo. Choncho *madcap* ndi mutu wopenga, kapena tinene munthu wa mutu wotero. Apa m'pamene madikishonale akuluakulu amagwirizana.

Zizindikiro zina zimene mukumane nazo: kachizindikiro ka < kamatanthauza "kuchokera ku", kanyenyezi patsogolo pa mawu kamatanthauza kuti mawuwo sanapezeke olembedwa paliponse, akatswiri anachita kuwapanganso poyerekeza zilankhulo, kamtanda ka † kamatanthauza kuti mawuwo anafa, *c* patsogolo pa chaka ndi "cha m'ma", pomwe *a* ndi "chisanafike chaka ichi".

Chachitatu: pezani chaka, koma mudziwe chimene chakacho chikunena

Madikishonale amaika chiyambi cha *madcap* m'zaka za m'ma 1580, nthawi ya Mfumukazi Elizabeth Woyamba. Lembani zimenezo m'kope mwanu. Chaka chotere chimanena za pepala lakale kwambiri limene lapezeka lili ndi mawuwo, osati tsiku limene munthu woyamba anawalankhula. Mawu a m'mabala ndi m'misika amatha kuyenda pakamwa zaka zambiri wina asanawasindikize.

Mukayerekeza madikishonale mupeza kuti zaka zikusiyana pang'ono, ndipo chifukwa chake n'chodziwika. Sewero lili ndi zaka ziwiri: chaka chimene linalembedwa ndi chaka chimene linasindikizidwa. OED yoyamba, imene inatuluka m'zigawozigawo kuyambira 1884 mpaka 1928, inkapatsa sewero la *Love's Labour's Lost* chaka cha 1588. Akatswiri a masiku ano amati linalembedwa chapakati pa zaka za m'ma 1590, ndipo buku lake lakale kwambiri limene lilipo ndi la 1598. Masewero ena, monga *King John* ndi *The Taming of the Shrew*, anasindikizidwa koyamba mu 1623 m'buku lalikulu lotchedwa First Folio, Shakespeare atamwalira kale mu 1616. N'chifukwa chake muona *a1616* pambali pa ziganizo zake zina. Ngati mukulemba nkhani yanu, "chakumapeto kwa zaka za m'ma 1500" n'zoona kuposa kusankha chaka chimodzi ndi kuchikakamira.

Chachinayi: werengani ziganizo zakalezo, muone amene akulankhula

Ambiri amadumpha gawo ili, chonsecho ndilo limaonetsa kulemera kwa mawu. Masewero a Shakespeare ali pa intaneti mwaulere, ndipo mungafufuzemo mawu amodzi. Pa chiganizo chilichonse dzifunseni mafunso atatu: akulankhula ndani, akunena yani, ndipo akutamanda, akuseka kapena akunyoza?

Mu *Love's Labour's Lost*, mmodzi mwa akazi operekeza mwana wamkazi wa mfumu ya ku France amatchula Berowne, nduna ya mfumu ya ku Navarre, kuti "the merry madcap lord", n'kuwonjezera kuti mawu ake onse ndi nthabwala. Apa palibe chitonzo. Mu *King John*, mfumu itamva mmene Philip Faulconbridge akulankhulira mopanda mantha pamaso pake, imati "what a madcap hath heaven lent us here", kudabwa kosakanikirana ndi kusangalala. Mu *The Two Gentlemen of Verona*, wantchito Speed amaitana mnzake Launce kuti *madcap* pomuitanira kumowa.

Mu *Henry IV, Part 1* mawuwa amabwera mwa njira ziwiri, ndipo m'pofunika kuziyika pamodzi. Falstaff akukakamiza mwana wa mfumu, Hal, kuti apite nawo kukachita chifwamba pamsewu wa ku Gad's Hill, Hal amayankha kuti "once in my days I'll be a madcap", ndiye kuti kamodzi kokha pa moyo wake achitako zachibwana. Iye akupeputsa umbanda pouveka dzina la masewera. Kutsogolo, mdani wake Hotspur, nkhondo ili pafupi, amamutchula kuti "the nimble-footed madcap Prince of Wales", ndipo pakamwa pa Hotspur mawuwo ndi chipongwe: mnyamata wosadziwa udindo wake. Pomaliza, mu *The Taming of the Shrew*, Katherina amadandaulira bambo ake kuti akufuna kumukwatitsa kwa munthu "half lunatic, a madcap ruffian". Apa mawuwa ayandikira kwambiri ku misala ndi nkhanza.

Mukasanja ziganizo zisanu ndi chimodzizi, chithunzi chimaoneka. Kuyambira pachiyambi mawuwa anali ndi mbali ziwiri, yoseka ndi yoluma, ndipo yosekayo inali kale yochuluka. M'kupita kwa zaka yolumayo inafota. Pofika m'zaka za m'ma 1930, ku Hollywood kunali mtundu wa mafilimu oseketsa otchedwa *screwball comedy*, momwe munkapezeka kawirikawiri mtsikana wa ku banja lolemera wochita zilizonse zimene zamubwerera m'mutu, ndipo olemba nkhani ankamutchula *madcap heiress*. Tanthauzo limene tili nalo lero lili pafupi ndi mtsikana ameneyu kusiyana ndi mwamuna amene Katherina ankakana.

Chachisanu: funani abale ake a mawuwo

Ngati *cap* ankaimiradi mutu kapena munthu, payenera kupezeka mawu ena opangidwa chimodzimodzi. Alipo. *Goosecap* anali munthu wopepera, wa mutu wa tsekwe. *Fuddlecap*, amene anabwera m'zaka za m'ma 1600, anali chidakwa. *Huffcap* anali mowa waukali wokwera kumutu, ndipo kenako munthu wodzitama. William Harrison anautchula pa mayina a mowa m'buku lake lofotokoza dziko la England la 1577, *madcap* asanaoneke papepala. Palinso abale a mbali inayo, amene anasunga *mad* n'kusintha chiwalo: Shakespeare yemweyo analemba *mad-brain* ndi *mad-headed*. Mukaika *mad-headed*, *mad-brain* ndi *madcap* pamzere umodzi, funso la tanthauzo la *cap* limadziyankha lokha. Umboni wa mtundu uwu ndi wolimba kuposa nkhani iliyonse yokoma, chifukwa ukusonyeza chizolowezi cha chilankhulo, osati mwayi wa tsiku limodzi.

Chachisanu ndi chimodzi: yesani nkhani zimene anthu amafalitsa

Lamulo lake ndi limodzi: chimene akuti ndicho gwero chiyenera kukhalapo mawuwo asanabadwe, ndipo payenera kupezeka cholembedwa cha nthawi imeneyo cholumikiza ziwirizo.

Nkhani yoyamba ndi yakuti mawuwa anachokera ku misala ya osoka zipewa. N'zoona kuti opanga zipewa za ubweya wa akalulu ankagwiritsa ntchito mankhwala okhala ndi mercury pofewetsa ubweyawo, ndipo nthunzi yake inkawadwalitsa: manja kunjenjemera, mtima wapachala, manyazi osadziwika bwino, kusokonezeka maganizo. N'zoonanso kuti pali mwambi wa Chingerezi wakuti *mad as a hatter*. Koma mwambiwu unayamba kuoneka m'mabuku cha m'ma 1830, zaka zoposa 200 *madcap* atakhazikika kale, ndipo njira ya mercury inafala m'ntchito ya zipewa nthawi ya Shakespeare itadutsa. Nkhaniyi yagwa pa zaka.

Yachiwiri ndi ya chisoti cha mabelu chimene ankavala oseketsa mafumu. Iyi siigwa pa zaka, pakuti oseketsawo analipo kalekale. Imagwa pa dzina: munthu wotereyu ankatchedwa *fool*, ndipo chisoti chake chinali *fool's cap* kapena *coxcomb*. Anthu amene ziganizo zakale zikuwatchula *madcap* ndi mwana wa mfumu, nduna, msilikali, wantchito wa m'nyumba, osati ovala mabelu.

Yachitatu ili ndi mwini wake wolemekezeka. Samuel Johnson, m'dikishonale yake ya 1755, anapereka njira ziwiri: mwina chipewa chikuimira mutu, kapena mawuwa akukumbutsa zipewa zimene ankaveka odwala misala kuti azidziwika. Johnson sanasankhe, anangoti izi kapena izo. Obwera pambuyo pake anasankha yoyambayo, chifukwa ndiyo ili ndi abale aja tawaona. Phunziro lake n'lakuti dikishonale yakale ndi mboni yabwino ya mmene anthu a nthawi yake ankamvera mawu, koma pa gwero imatha kungoganizira.

Yachinayi ndi yakuti Shakespeare ndiye anapeka mawuwa. Muwapeza pa mindandanda yambiri ya "mawu amene Shakespeare anapanga". Chenjerani nayo mindandanda imeneyi. Anthu odzipereka amene ankatumiza ziganizo kwa James Murray, mkonzi wamkulu wa OED yoyamba, ankawerenga Shakespeare mosamala kuposa olemba ena onse, choncho dzina lake limatsogola pa mawu ambirimbiri amene sanali ake. Chiyambire pamene mabuku akale anaikidwa pa kompyuta, mawu ambiri otere apezeka mwa olemba ena am'mbuyo. Komanso onani mmene amawagwiritsira ntchito: m'masewero asanu, m'kamwa mwa mfumu ndi mwa wantchito, popanda kufotokoza. Umo ndi mmene munthu amachitira ndi mawu amene omvera ake akuwadziwa kale. Mu 1600 wolemba ndakatulo Nicholas Breton anawaika pamutu pa buku lake, *Pasquils Mad-cap*. Chimene munganene mosaopa n'chakuti Shakespeare ndi mmodzi mwa oyamba kuwalemba, ndipo anathandiza kuti asafe.

Chachisanu ndi chiwiri: onani mmene ayendera m'mabuku

Google Books Ngram Viewer, imene inayamba mu 2010, imajambula mzere wosonyeza kuchuluka kwa mawu m'mabuku chaka ndi chaka. Lembani *madcap, mad-cap, mad cap*, molekanitsa ndi chizindikiro cha koma (,), ndipo chongani pa *case-insensitive* kuti zilembo zazikulu ndi zazing'ono ziwerengedwe pamodzi. Kuti mulekanitse dzina ndi mfotokozi, lembani *madcap_NOUN, madcap_ADJ*. Kuti muone mawu khumi amene amatsatira kawirikawiri, lembani *madcap* ndi kanyenyezi pambuyo pake. Mndandanda umene utulukewo ndi wothandiza kuposa tanthauzo la m'dikishonale ngati cholinga chanu n'kulemba Chingerezi chomveka bwino.

Zimene zimasokoneza ndi izi. Chisanafike chaka cha 1800 mabuku ndi ochepa, ndiye mzere umadumphadumpha, buku limodzi losindikizidwa kangapo n'kuoneka ngati phiri. Mawu amene sanapezeke m'mabuku osachepera 40 sawerengedwa n'komwe. Kalembedwe kakale kanalibe lamulo limodzi: Breton yemweyo mu 1602 analemba *Mad-cappes*. Ndipo makina owerenga mapepala akale amasokoneza *s* wamtali wa nthawi imeneyo ndi *f*. Pa *madcap* vutoli palibe, koma likupezani pa mawu ena. Choncho Ngram igwiritseni ntchito poona zaka 200 zapitazi, osati pofuna chiyambi. Pa chiyambi, amene ali ndi mwayi wa laibulale ya yunivesite afufuze mu Early English Books Online, momwe muli mabuku osindikizidwa kuyambira 1473 mpaka 1700.

Chachisanu ndi chitatu: alekanitseni ndi anansi ake

*Reckless* ndi mawu olemera. Anachokera ku mneni wakale *reck*, kusamala, ndi *-less*, kupanda. Alibe ubale ndi *wreck*, ngakhale ena amalemba molakwa kuti *wreckless*. Ndi mawu a m'khoti ndi a apolisi apamsewu, ndipo mulibe kuseka.

*Zany* ndi mbali inayo: kuseketsa kopanda ngozi. Anachokera ku Italy, ku *Zanni*, katchulidwe ka kumpoto kwa dzikolo ka dzina loti Giovanni. M'zisudzo za *commedia dell'arte* za m'zaka za m'ma 1500, Zanni anali wantchito amene ankatsanzira bwana wake mopepera. Analowa m'Chingerezi nthawi yofanana ndi *madcap*, ndipo onse awiri ali mu *Love's Labour's Lost*.

*Harum-scarum*, a m'zaka za m'ma 1670, amatsindika chipwirikiti ndi kuthamanga. *Madcap* amakhala pakati pa onsewa: ngozi ilipo, koma yavala nkhope yoseka.

Pomaliza: kuwagwiritsa ntchito ndi kuwamasulira

Polemba Chingerezi, aikeni patsogolo pa dzina la chochitika kapena pulani. Musawagwiritse ntchito ponena za munthu wodwala matenda a maganizo, za munthu wokwiya, kapena za ngozi imene yapha anthu. Woyendetsa minibasi amene wagwetsa anthu m'phompho ndi *reckless*, ndipo kumutcha *madcap* kungamveke ngati mukuseka maliro. Pa ndale mawuwa amaluma pang'ono: nyuzipepala ikati pulani ya nduna ndi *madcap scheme*, ikunena kuti ndi yosaganiziridwa bwino ndipo ndi yoseketsa, koma siyikunena kuti ndunayo ndi yakuba.

Pomasulira m'Chichewa, "wamisala" ndi "wopenga" n'zolemera kwambiri, "chitsiru" ndi "wopusa" zikulanda munthuyo nzeru zimene ali nazo. Berowne ndi Hal ndi anthu ochenjera. Sankhani molingana ndi chiganizo. Mwana kapena mtsikana wosakhazikika ndi "wopulupudza". Pulani ndi "yaphuma" kapena "yachibwana", ndipo ngati wolembayo akunyoza, "yopanda mutu". Ulendo ndi "wongodzukira, wodzaza ndi zoseketsa". Filimu kapena sewero ndi "la chipwirikiti choseketsa". Mawu a Hotspur aja amafuna "kalonga wachibwana uja", pomwe a Katherina amafuna china cholimba, monga "chimunthu chosokonekera mutu". Mukamaliza, werengani chiganizo chanu cha Chichewa mokweza, mufunse ngati womva angamwetulire pamene woŵerenga Chingerezi anamwetulira. Ngati sangatero, onjezerani "moseketsa" kapena sinthani mneni.